Timichira pa Nyenyezi za Amayi Anu

Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Dedza ndazisiya, chifukwa mulibemo kanthu koma mbuzi, mphere ndi zikoti za aphunzitsi. Chimene ndikufuna kuti mudziwe chili pakhoma la pabalaza pano, chithunzi chija cha mtambo wofiira chimene mumakonda kuonetsa alendo. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti nyenyezi iliyonse ili ndi kamchira. Munandifunsapo muli ana, ndipo ndinakuuzani kuti inali mphepo. Sinali mphepo. Koma kuti mumvetse, ndiyambire ku Lupembe.

Ku Lupembe, zaka zisanu ndi ziwiri

Ndinafika ku Lupembe ndili mlangizi wa ziweto wongotuluka kumene ku maphunziro. Ndinali ndi sutukesi imodzi, amayi anu a Nachisale, ndi makina awo osokera opukusa pamanja amene ankalemera kuposa katundu wathu yense. Kutentha kwake, ife ana a kozizira tinkangoti boma latitumiza kudzalangidwa. Ntchito yanga yaikulu inali ya pa dibi: kusakaniza mankhwala, kuwerenga ng'ombe, ndi kuonetsetsa kuti iliyonse yamira mpaka makutu kuti nkhupakupa zife. Anthu a kuno ng'ombe amazikonda mosaneneka. Munthu atha kuiwala mwezi umene anabadwa mwana wake, koma wa thole saiwala. Ankabwera nazo kusanache pothawa dzuwa, choncho ine ndinkayenera kukhala ndili pa dibi folo koloko isanakwane.

Woyamba kufika nthawi zonse anali a Mwambene, mphunzitsi wopuma amene anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi zowonda ndi mawu ambiri. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti anandipeza ndikuwodzera pa mpanda. Anati, "Adada a dibi, inu mumangowerenga ng'ombe za anthu. Nanga izi za kumwamba mudzawerenga liti?" Analoza kagulu ka nyenyezi kum'mawa. Ndinawauza kuti kwathu timati Nsangwe, ndipo zilipo zisanu ndi imodzi basi. Anaseka mpaka kutsokomola. Sabata yotsatira anabwera ndi magalasi oonera patali, othyoka mbali imodzi, nandiuza kuti ndiwerengenso. Ndinafika pa makumi atatu n'kusokonezeka. Iwo anati, "Zonsezo ndi ana a mimba imodzi, adada. Zinabadwira mu mtambo umodzi, ndipo poyerekeza ndi dzuwa lathuli n'zakhanda. Kamera ikazipirira nthawi yaitali, imaona kankhungu kobiriwira kozizungulira, kamene diso la munthu silingaone." M'mawa umenewo ng'ombe zitatu zinadutsa m'dibi ine osaziwerenga.

Kamera ndinali nayo, koma sinali yanga. Bwana wathu wa ku boma, a Gondwe, anandipatsa kuti ndizijambula zilonda za ng'ombe zodwala. A Gondwe anali munthu wabwino, wamawu okwera, woyenda pa njinga yamoto imene inkamveka isanaoneke. Ndinawapempha kuti ndizigwiritsa ntchito kamerayo usiku ndi filimu yogula ndekha, ndipo anati, "Jambulani ngakhale mizukwa, bola malipoti afike." Ndinazondotsa mtondo wa amayi anu pabwalo, n'kukhazikapo kamera, n'kuisiya chitsegulire mphindi khumi. Filimu ndinatumiza pa basi ku Mzuzu kuti akatsuke. Patatha milungu itatu inabwera ndi kakalata koti yonse yapsa, mulibe kanthu. Anali ataidula pakati pa zithunzi, chifukwa mu mdima wokhawokha sankaona poyambira ndi pothera. Kuyambira pamenepo, filimu iliyonse ndinkaiyamba ndi chithunzi cha masana, kuti otsukawo aone podula. Amene ankakhala pafupi anali amayi anu, ndiye ndinkawaimika pakhomo n'kuwajambula. Ankati, "Ine ndiye chizindikiro chodulira? Amuna ena amajambula akazi awo chifukwa cha chikondi."

Ku Iponga, zaka zisanu ndi chimodzi

Ku Iponga n'kumene ntchito inatifera m'manja. Mankhwala a dibi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Dibi linasanduka nyumba ya achule. Ng'ombe zinkafa, ndipo eni ake ankabwera pakhomo panga, n'kupereka moni wa ulemu wonse, "Ndagha, ndagha," kenako n'kundifunsa kuti kodi mankhwala ndagulitsa tsidya lina la malire. Ndinkalemba makalata, a Gondwe n'kuwatumiza kumtunda, osayankhidwa. Ndinakhala mlangizi wopanda cholangiza, wongoyenda m'makola kukatsimikizira anthu kuti ng'ombe yawo yafadi. Ndinali ndi manyazi aakulu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mtima wanga wonse unathawira ku nyenyezi.

Zithunzi zanga zoyamba zinali zoseketsa. Thambo limayenda, ndiye kamera ikangokhala chete nyenyezi zimatuluka mizeremizere ngati pamene papalasa nkhuku. A Mwambene anandilembera kalata yokhala ndi chojambula cha kachipangizo kothetsera vutolo. Anali matabwa awiri olumikizidwa ndi hinjesi ya chitseko, ndi bawuti yaitali yokankha thabwa la pamwamba. Hinjesi umailozetsa kumwera, motukula pang'ono. Kamera imakhala pa thabwa la pamwamba, ndipo bawuti ikamazungulira kamodzi pa mphindi iliyonse, kamera imatsatira nyenyezi bwinobwino. Zomveka zophweka, koma dzanja langa linali la pa dibi, lozolowera kukoka michira ya ng'ombe. Ndinkathamanga, kenako n'kuchedwa, ndipo mafilimu atatu anatayika chabe.

Usiku wina amayi anu anatuluka atafunda chitenje, n'kuima kumbuyo kwanga kanthawi. Anati, "Bambo a Tadala, mukupukusa ngati mukupera chimanga cha nkhuku. Tasunthani." Anakhala pa kampando, n'kuyang'ana kamuvi ka wotchi pa kuwala kwa tochi imene tinaikulunga ndi nsalu yofiira, kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo ya ku chigwirizano. Atazungulitsa katatu anati ndizimitse tochi, nyimbo yokha ikwanira. Dzanja lija linali litapukusa makina osokera kuyambira utsikana, ndipo silinkadziwa kudumpha. Zithunzi zitabwera, Nsangwe zinali zozungulira ngati mikanda, ndi kankhungu kaja kobiriwira kakuoneka pang'ono. Ndinalira, ndipo amayi anu anandiseka mlungu wonse.

Ndiwo amenenso anapatsa dzina mtambo umene uli pakhomawo. Ndinawaonetsa nyenyezi zitatu zondondozana zija timati Akamwini Atsatana, ndi kachigamba kotuwa pambali pake. Ndinawafotokozera monga anandiphunzitsira a Mwambene, kuti umenewo ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi, kuti mkati mwake nyenyezi zikubadwabe, ndipo kuwala kwa zakhandazo n'kumene kumauyatsa kuti ufiire. Anati, "Ndiye kuti ndi chikuta. Mwamuna wanji wofuna kusuzumira m'chikuta?" Kuyambira tsiku limenelo tinkangoti Chikuta, ndipo ndinalumbira kuti ndidzachijambula.

Koma Chikuta n'chovuta kuno. Miyezi imene chimaoneka madzulo ndi ya dzinja, mitambo ili tho. M'chilimwe chimakwera kutatsala pang'ono kucha, ndipo chikafika pamwamba bwino, mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire umakhala utaphimba thambo. Mpata weniweni ndi umodzi: mvula ya chizimalupsa ikagwa n'kutsuka utsi, mwezi kulibe, umakhala ndi usiku umodzi kapena uwiri. Ku Iponga zinthu zitatuzi sizinakumanepo.

Ku Sangilo, chaka chachitatu

Anatisamutsira ku Sangilo inu mutayamba kale sukulu yogonera konko. Kumeneko kunali vuto lina. Masiku amdima amene ine ndinkawafuna ndi omwewo asodzi a usipa amawafuna, ndipo nyali zawo zinkadzaza nyanja ngati tauni yoyandama. Ndinkayenera kudikira Chikuta chikwere kutali ndi kuwala kwawo. Zaka ziwiri ndinalephera. Chaka choyamba mvula ija inagwa mwezi uli wathunthu, chachiwiri sinagwe n'komwe.

Nthawi yomweyo amayi anu anayamba kutupa miyendo. Akakwera kachitunda kochokera ku mjigo ankaima kawiri kuti apume, ndipo usiku ankagona atatsamira mapilo. A dokotala anati ndi mtima, ndipo pafunika kumaonana mwezi ndi mwezi ndi akatswiri a ku chipatala chachikulu, chifukwa ngakhale mankhwala ake kuno ankasowa. Amayi anu sanali munthu wopempha zinthu. Pa zaka zonse za ukwati wathu anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati, "Bambo a Tadala, ndakutsatirani ku Lupembe, ku Iponga, ndi kuno. Tsopano lembani kalata tibwerere kufupi ndi kwathu. Ngati n'kuchira ndikachirire kumeneko, ngati n'kufa ndikagone pafupi ndi amayi anga." Ndinalemba usiku womwewo, ndipo a Gondwe anaikankha ndi mphamvu zawo zonse.

Yankho linabwera kumayambiriro kwa Ogasiti. A Gondwe anandiitanira ku ofesi n'kundipatsa kalata akumwetulira. Malo anali atapezeka kufupi ndi Lilongwe, ulendo wa ola limodzi kukafika kumudzi kwa amayi anu, ndipo ndinkayenera kukayamba ntchito pa tsiku loyamba la Seputembala. Ndinaiwerenga kawiri. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakondwa, koma chimene chinabwera m'mutu mwanga chinali kalendala. Ndinali nditawerengera kale kuti chaka chimenecho mdima wa mwezi udzagwera nthawi imene chizimalupsa chimakonda kubwera. Ndinaganizanso za magetsi a mumzinda, mmene amafiiritsira thambo usiku wonse.

Ndinati, "Bwana, sizingatheke kuti ndikayambe mu Novembala?"

A Gondwe anachotsa magalasi. "Adada, malo awa akuwafuna anthu khumi. Mukapanda kupita pa tsikuli, apita wina. Vuto n'chiyani? Katundu? Ndikupezerani lole."

Ndinanama kuti a dokotala anena kuti amayi anu asayende ulendo wautali mpaka miyendo iphwe. A Gondwe anamva chisoni, n'kundilembetsa kakalata koti ndakana malowo pa zifukwa za pabanja. Anati tidzayesanso chaka chamawa. Ndinasaina. Pobwerera ndinadziuza kuti ndi miyezi iwiri yokha, kuti a Gondwe ndi munthu wodziwika adzapezanso malo ena, kuti amayi anu akuoneka bwinoko masiku ano. Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndipo ankanena ine. Nditafika kunyumba amayi anu anandifunsa za ku ofesi, ndipo ndinawauza kuti a kulikulu sanayankhebe.

Okutobala wa chaka chomwecho

Chizimalupsa chinagwa Lachinayi masana, mvula yamphamvu ya ola limodzi. Pofika madzulo thambo linali mbee, ndipo mwezi kunalibe. Ndinayala zinthu zanga kuseri kwa nyumba, kumene khoma linkatchinga nyali za asodzi. Sindinafune kuwadzutsa amayi anu, koma itakwana fili koloko ndinamva chitseko. Anatuluka pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kunena kuti, "Mukapukusa nokha muononga filimu." Ndinawabweretsera mpando wotsamira. Chikuta chinali pamwamba, chooneka ndi maso omwe. Tinagwirizana mphindi khumi ndi zisanu.

Ndinatsegula kamera, iwo n'kuyamba kupukusa. Nyimbo sinkatulukanso bwino chifukwa cha befu, ankangoimba mumtima, ine n'kumamva kupuma kwawo. Zitadutsa mphindi khumi, kaphokoso ka bawuti kanasiya. Ndinanong'ona kuti, "A Nachisale, dzanja." Iwo anayankha ndi mawu wamba, ngati akunena za mchere.

"A Gondwe anadutsa pano mwezi watha, inu muli ku makola. Anandipatsa pepani chifukwa cha miyendo. Anati, mama, mukanapita bwenzi pano muli kwanu, koma musadandaule, adokotala akadzakulolani kuyenda tidzayesanso."

Nthawi yonseyi kamera inali chitsegulire, thambo likuyenda, thabwa litaima. Ndipo ndikuvomera pamaso panu, ana anga, kuti ngakhale pa mphindi imeneyo mbali ina ya mutu wanga inkawerenga masekondi.

Kenako ndinamva bawuti ikuyambanso. Anapukusa mofulumira pang'ono kuti apeze pamene anasiyira, n'kubwerera pa liwiro lawo la masiku onse. Anati, "Tsirizani chinthu chanucho. Chisakhale kuti ndakhalira kuno pachabe." Anapukusa mpaka mphindi zinakwana, ine n'kutseka kamera. Anakana kuti ndiwagwire dzanja polowa m'nyumba.

Nkhaniyi sanaitchulenso. Sanauze abale awo, sanauze inu mutabwera ku tchuti, ndipo ankandiphikira monga kale pa masiku amene ankatha kuima. M'mawa wotsatira usiku uja ndinapita kwa a Gondwe n'kuwauza zoona zonse. Anangoti, "Chiuta wane." Analemba makalata atatu ndi dzanja lawo, koma malo aja anali atapita kale, ndipo ena sanapezeke. Kuyambira pamenepo ankandipatsa moni wa pantchito basi. Ndinapempha amayi anu kuti ndiwaperekeze kumudzi akakhale ndi achemwali awo, ine ndidzawatsatire pambuyo. Anati akapita okha anthu adzafunsa chifukwa chake, ndipo iwo sanazolowere kunama.

Zithunzi zinabwera kumapeto kwa Novembala. Chikuta chinatuluka chofiira, chotambasula ngati mapiko, ndi nyenyezi zakhanda zowala pakati pake. Chinali chithunzi chimene ndinachifunafuna zaka zambirimbiri. Amayi anu anachiyang'ana ali pa mphasa, n'kuloza timichira tija ndi chikhadabo. Anati, "Apa ndi pamene ndinaima." Kenako anandiuza kuti ndichikulitse ndi kuchiika m'felemu.

Febuluwale

Amayi anu anatisiya m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Inu mukukumbuka kuti msewu unali utaduka, ndipo galimoto zinakhala masiku osadutsa. Ndi kutentha kwa kuno sitikanatha kudikira. Abale awo anafika mwambo utatha. Malume anu aakulu anaima pa manda n'kunena kuti mwana wa mbumba yawo wagona pakati pa alendo ngati munthu wopanda kwawo. Anthu a ku Sangilo anawasunga bwino amayi anu, anakumba manda, anaimba usiku wonse m'Chitumbuka, ndipo sindidzaiwala ufulu wawo. Koma si zimene amayi anu anandipempha. Aliyense ankandipepesa n'kumatukwana a kulikulu chifukwa chosayankha kalata, ine n'kumangogwedeza mutu.

Kodi akanapita ku Lilongwe akanachira? Ndafunsa madokotala awiri, mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina. Onse anati palibe angadziwe. Mwina akanakhala zaka zina zisanu, mwina miyezi yomweyo. Koma za manda sizifuna dokotala. Akanagona pafupi ndi amayi awo.

Nditapuma ntchito

Nthawi yopuma itakwana, boma linandipatsa lole yoti inditengere kwathu. Ndinaibweza. Mwakhala mukudabwa kuti nkhalamba ya ku Dedza ikufunanji ku Sangilo, kumene ilibe mbale ndipo Chitumbuka chake mpaka lero ana amachiseka. Mphatso unafika pokwiya nane pa foni. Yankho lake ndi loti sindingapite kumene amayi anu anafuna kupita, n'kuwasiya kuno okha.

Tadala, kamera imene unanditumizira chaka chatha ndinailandira, pamodzi ndi kamakina kake kotsatira nyenyezi kokha popanda dzanja la munthu. Ndinakuuza kuti maso anga ndi amene akuvuta. Maso akuvutadi, koma zoona zake n'zoti sindinaitulutse m'katoni. Matabwa aja ndinayesako kawiri amayi anu atapita, ndipo nyenyezi zinabwerera ku mizere ya nkhuku. Tsopano ali pamwamba pa kabati.

Mwezi watha ndinatsegula bokosi la zithunzi. Za nyenyezi ndinaziika pambali, n'kutenga zoyambira filimu zija, zimene ndinkajambula kuti otsuka aone podula. Zilipo makumi awiri ndi zitatu. Ndinaziyala patebulo motsatana. Pa choyamba amayi anu ali ku Lupembe, akuseka, dzanja lili m'chiuno. Pakati pali china ali ndi pakati pa iwe Mphatso. Zinayi zomaliza nkhope yagwa, miyendo yatupa, ndipo pa chomalizira atsamira chitseko chifukwa sakanatha kuima okha. Ndine ndinajambula zonsezi. Ndinkasuzumira m'kamera, n'kuona ngati kuwala kuli bwino, n'kudina, mtima uli pa usiku umene ukubwera. Munthu amene ndinkanyadira kuona kankhungu kamene diso silingaone, izi sindinazione.

Sindikulemba kuti mundikhululukire, chifukwa woyenera kutero sanafune kuti ndimupemphe n'komwe. Ndikulemba kuti mudziwe kuti a kulikulu anayankha, ndipo anayankha bwino. Mukadzagawana katundu wanga, zithunzi makumi awiri ndi zitatuzo mudzagawane pakati, chotsalacho chipite kwa achemwali a amayi anu ku Dedza. Cha pakhomacho chitani nacho chimene mufuna. Koma mlendo akadzafunsa za timichirato, musadzanenenso kuti inali mphepo. Mudzamuuze kuti pamenepo ndi pamene amayi anu anaimitsa dzanja, ndipo kuti pambuyo pake anapitiriza kupukusa.